Geledi ya Nkhope

Ife a ku Kasungu ntchito yosankha fodya timaidziwa kuyambira ubwana. Tsamba likatuluka m'balani timaliyang'ana maonekedwe, lowala kwalokha, lodera kwalokhanso, pakuti ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo mtengo umatsata geledi. Chimene tinachedwa kuzindikira n'chakuti amalonda ena anatenga muyeso womwewu ndi kuuika pankhope za amayi ndi alongo athu.

Njira yake inali magazini. Drum, imene inayamba ku South Africa mu 1951, ndi Parade ya ku Salisbury, zinkafika kuno m'masutikesi a abambo ochokera ku Joni ndi ku Halale, n'kumayenda khomo ndi khomo kufikira masamba ake atamatidwa pakhoma. Tisawanyoze magaziniwa. Mu 1952 Henry Nxumalo anaulula mu Drum nkhanza zimene anthu akuda ankaziona m'mafamu a ku Bethal. Komatu m'magazini momwemo, mmene munkamenyedwa nkhondo ya ulemu wa munthu wakuda, munalinso zithunzi zotsatsa mafuta oyeretsa khungu onga Ambi: mtsikana woyera, tsitsi lowongola, ndipo pambali pake mnyamata watayi akumwetulira. Wotsatsayo sankavutika kunena kuti kuda n'kunyansa. Chithunzi chinkanena chokha, ngakhale kwa mayi amene sanapondeko m'kalasi.

Apa mpamene tiyenera kuimapo. Mtsikana wa pachithunzi amakhala pamthunzi. Mkazi wa tenanti pa esiteti amathirira nazale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kenaka kuwokera, kupalira, kuthyola. Mankhwala a hydroquinone amene ali m'mafuta ambiri otere amaletsa khungu kupanga utoto wake wachibadwa, utoto umene umalitchinjiriza ku dzuwalo. Mu 1975 dokotala G. H. Findlay ndi anzake ku Pretoria anafotokoza za amayi amene, atadzola zaka zingapo, anatuluka mawanga akuda bii m'masaya, ovuta kuchiza. Motero mafutawa amapweteka koposa munthu amene thukuta lake limabala ndalama yowagulira. Kenaka ife tomwe, amene tinayamikira “woyera uja” posankha mbeta, timamseka kuti nkhope ndi Fanta, miyendo Coca-Cola.

Boma nalo linayang'ana kwina. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yoonetsa mawondo. Linayesa nsalu, osakhudza manyazi amene zithunzi zinkafesa mumtima mwa mwana wamkazi. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990, koma mafuta atsopano, a maina ena, anapitirira kuoloka malire.

Lero magazini apepala achepa, ndipo ntchito yawo yatengedwa ndi foni. Pa Facebook ndi TikTok mtsikana safunanso kusirira mlendo wa ku Johannesburg. Foni imamuyeretsa iye mwini, n'kumuonetsa nkhope yake imene alibe. Kumeneku n'kutsatsa kochenjera kuposa kwa Ambi, chifukwa chitsanzo ndi wogula asanduka munthu mmodzi. Ndipo fodya akangogulitsidwa, ndalama zikayamba kuoneka pa Santhe, pa Chamama ndi pa Nkhamenya, timabotolo tija timayalidwa pamsika pafupi ndi sopo ndi mchere, pamtengo woti mkazi wa tenanti aukwanitse.