Dzanja lokwatitsa nandolo

Chimanga chikachoka m'munda ku Midzemba, kunsi kwa Neno kumene dzuwa limaswa mtengo, nandolo ndiye amatsala ali chiimire, ndipo mbuzi zomasulidwa zimadziwa kolowera. N'chifukwa chake alimi ambiri a kummwera amakakamira Mthawajuni, nandolo wamakolo yemwe amacha msanga ziweto zisanamufike. Amamusunga ndi amayi osankha mbewu palichero, chaka ndi chaka, kusiya ya tsinde lobereka bwino n'kuphika yotsalayo.

Luso lomweli, likafika m'manja mwa akatswiri a bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT ndi a boma ku Chitedze, limakhala losiririka. Duwa la nandolo lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi momwemo, ndiye likasiyidwa limadzikwatira lokha. Wokwatitsa amalipeza lisanamasule. Ndi kachitsulo kotsinira amaling'amba pang'ono, n'kuzula timitu 10 ta mungu, kamodzikamodzi, osakhudza kanthenga kachikazi kali pakati. Kakakalika ngakhale pang'ono, ntchito yagwa. Kenaka amatenga mungu wa tsinde lina, mwina losagwidwa matenda, n'kupaka pansonga, n'kumangapo ulusi wa mtundu kuti adzazindikire. Maluwa ambiri amathothoka ndithu, pakuti nandolo amataya maluwa mwachibadwa. Iye amangopita pa duwa lotsatira, msana uli chiweramire.

Zimene zimachitika pambuyo pake anazifotokoza Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno amene anakwatitsa nsawawa kuyambira 1856 mpaka 1863 nasindikiza zotsatira mu 1866. Ana oyamba amafanana onse. Adzukulu ndiwo amabalalika: iye atakwatitsa nsawawa yaitali ndi yaifupi, ana onse anatalika, koma mwa adzukulu ufupi unabwerera pa tsinde limodzi mwa anayi. Khalidwe silisungunuka, limangobisala.

Pa adzukulupo m'pomwe ndimagoma naye wokwatitsa. Ayenda m'mizere ya masinde mazanamazana, lililonse ndi khalidwe lake, ndipo ntchito yake yaikulu n'kutaya. Ili lacha msanga koma njere zake n'zazing'ono. Ilo ladzaza makoko koma njere zada, pomwe ogula otumiza ku India amafuna zazikulu, zoyererako. Kuti aone lolimba ku matenda ofotetsa a fusarium, amene amakhala m'nthaka n'kutseka misempha ya madzi m'tsinde, amabzala dala m'munda wodwala kale. Zambiri zimauma akuona. Zopulumuka amazibzalanso mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi mpaka ana atasiya kusiyana, ndipo mbadwo uliwonse umadya nyengo yathunthu. Ameneyu ndi munthu wosunga khosi mkanda woyera usanaoneke n'komwe.

Si mtundu uliwonse unabadwa ndi kachitsulo. Matenda ofotetsa atasakaza minda kummwera, mu 1987 boma linatulutsa ICP 9145, yemwe lero timati Sauma, nandolo wochokera ku Kenya amene anangosankhidwa m'nkhokwe ya mbewu ya ICRISAT ku India. Diso lokha linagwira ntchito pamenepo. Kachangu, wa njere zazikulu zoyera, anatsatira mu 2000, kenaka Mwaiwathualimi, wocha msanga kuposa awiriwo.

Mbewu ikafika m'munda wa ku Midzemba imakumana ndi wokwatitsa wina wosafunsa chilolezo: njuchi. Nsawawa ya Mendel inkadzikwatira yokha mokhulupirika, koma njuchi zimanyamula mungu wa nandolo kuchoka m'munda uno kupita mwa mnansi. Pakatha zaka zochepa, Kachangu wobzalidwa pafupi ndi Mthawajuni amayamba kutulutsa njere zamawangamawanga ndi masinde ocha mosiyana. Pofuna mbewu yosasakanizika, akatswiri amakuta masinde ndi ukonde kapena kubzala kutali ndi nandolo wina. Mlimi wa munda wogundana ndi wa mnzake alibe mpata umenewo. Iye amazula tsinde lachilendo lisanachite maluwa, amaika chizindikiro pa lomwe lamukhutiritsa, ndipo makata a ana amathyola pa ena.