Mmisiri wochotsa zokalika pagalimoto

Penti ya magalimoto ambiri a masiku ano ili ndi zigawo zitatu: pulayima, mtundu weniweniwo, ndiye pamwamba pake kiliya, utoto woonekera umene umawalitsa galimoto ndi kuteteza mtundu kudzuwa. Kiliyayu ndi wopyapyala kuposa tsitsi la munthu, nthawi zambiri mamaikuloni 40 kapena 50 okha. Luso lonse la mmisiri wochotsa zokalika lagona pamenepa, chifukwa iye sakwirira pokalikapo ayi. Amapala kiliya wozungulira mpaka afanane ndi pansi pa mzere wokalikawo. Asanayambe amayendetsa chikhadabo modutsa mzere, ndipo chikakodwa amadziwa kuti bala lalowa kwambiri, pofunika kupoperanso penti. Chikadutsa bwinobwino, amanyowetsa sandipepa ya 2000, kenako ya 3000, n'kupala mopepuka mpaka madzi ayere ngati mkaka, pomaliza n'kubwezera kuwala ndi kompaundi ndi polishi. M'mphepete mwa chitseko amachepetsa mphamvu, poti penti imapyapyala pamenepo ndipo makina opakira polishi angaiwotche.

Ena amati aliyense angathe ntchitoyi atagula botolo la polishi. Koma mankhwala ambiri otere amangodzaza mzere ndi phula kapena mafuta, ndipo galimoto ikatsukidwa kangapo mzerewo umaonekanso. Enanso amati n'zokongoletsa chabe. Komatu kiliya akapalidwa mopitirira sabwerera, dzuwa limayamba kufifitsa mtundu, penti n'kumasendeka. N'chifukwa chake ine ndimalemekeza kwambiri mmisiri amene amauza mwini galimoto kuti mzere wina ausiya ukuonekabe pang'ono, ngakhale akudziwa kuti mwiniyo sasangalala nazo.