Kodi Wobindikira Amadya Chiyani?

Mliri wa Covid-19 utafika m'dziko muno m'chaka cha 2020, padafunika mawu a Chichewa otchulira lamulo loletsa anthu kutuluka m'makomo mwawo. Posakhalitsa mawuwo adapezeka: m'bindikiro. Pawailesi, m'nyuzipepala ndi m'maminibasi momwe, nkhani idali ya m'bindikiro wa masiku 21. Amene adasankha mawu amenewa adasankha bwino kuposa momwe eni akewo ankaganizira. Cholinga changa m'nkhani ino ndi kuonetsa kuti tikadawamva mawuwa monga momwe makolo athu ankawamvera, zolakwika zambiri za chaka chimenecho zikadapeweka.

Kubindikira si chinthu chachilendo kwa ife. Mayi akabereka amakhala m'chikuta mpaka mchombo wa khanda utagwa. Namwali akatha msinkhu ankalowa m'tsimba. Pa miyambo yonse iwiriyi pali zinthu zitatu zimene sizisowa. Choyamba, pamakhala chifukwa chomveka: khanda likadali lanthete, choncho lisakumane ndi mphepo kapena manja a wina aliyense. Chachiwiri, wobindikira sadziphikira. Pamakhala womutungira madzi, womutolera nkhuni ndi womubweretsera phala. Chachitatu, sasiyidwa yekha kuti azilimbana ndi maganizo. Namwali amakhala ndi namkungwi ndi phungu wake, ndipo mayi wa m'chikuta amakhala ndi amayi ake kapena apongozi ake. Mudzi ukauza munthu kuti asatuluke, ndiye kuti wadzisenzetsa udindo womudyetsa ndi womucheza. Zinthu zitatuzi zili ngati mafuwa. Ukachotsapo limodzi mphika umagudubuka.

Tsono tiyeni tiuyese m'bindikiro wa 2020 ndi muyeso umenewu. Pa 20 Malichi, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zidatsekedwa. Odwala atatu oyamba adapezeka pa 2 Epulo. Pa 14 Epulo nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, idalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi anthu akhale m'makomo ndipo misika ikuluikulu itsekedwe. Pa nthawiyo anthu opezeka ndi kachilomboka adali asadakwane 20.

Fuwa loyamba lidalipo, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi poyera. Boma silidalote maloto oipa chabe. Lidaona momwe nthendayi idadzazira zipatala za ku Italy, dziko la madotolo ambiri ndi zipangizo zokwanira, ndipo lidadziwa kuti zipatala zathu sizikadapirira ngakhale theka la zimenezo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kutseka khomo chilombo chisadalowe m'mudzi si uchitsiru.

Vuto lidali pa fuwa lachiwiri. Anthu adapatsidwa masiku anayi okha oti akonzekere masabata atatu. Kwa ife amene timalandira malipiro pakutha pa mwezi, kukonzekera kumatanthauza kugula thumba la ufa, matemba ndi makala n'kutseka chitseko. Koma munthu wa ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi amene amagula ufa wa wokimani madzulo ndi ndalama yomwe waipeza masana a tsiku lomwelo akadakonzekera ndi chiyani? Wakabaza akapanda kupalasa njinga, ana amagona ndi njala. Mayi wa mandasi akapanda kukhala pamsewu, lendi salipira. Ngakhale madzi amene ankauzidwa kuti azisamba nawo m'manja pafupipafupi ndi ogula pa chidebe. Lamuloli lidalembedwa ndi anthu okhala ndi nkhokwe, koma oti alisunge adali anthu opanda nkhokwe. N'chifukwa chake mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu adadzaza misewu, nanena kuti kuli bwino kufa ndi nthenda kusiyana ndi kufa ndi njala.

Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, Jaji Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu ku Lilongwe adapereka chiletso, bungwe la Human Rights Defenders Coalition ndi anthu ena atakadandaula kuti boma silidakonze njira yothandizira osauka. Kumapeto kwa mwezi womwewo m'pamene boma lidalonjeza kuti mabanja pafupifupi 172,000 a m'mizinda azilandira K35,000 pamwezi. Onani kusokonekera kwa ndondomeko: chitseko chidayamba kutsekedwa, za phala n'kudzaganiziridwa pambuyo, ndipo ndalamazo zidayamba kufika m'manja mwa anthu m'chaka cha 2021. Mu Sepitembala 2020 oweruza adagamula kuti malamulo a m'bindikirowo adali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino.

Ngati wina akukayika kuti munthu sangabindikire wopanda womusamala, akumbukire zimene zidachitika pabwalo la zamasewero la Kamuzu ku Blantyre kumapeto kwa Meyi 2020. Amalawi oposa 400 amene adabwerera kuchokera ku South Africa, kumene m'bindikiro wa kumeneko udawathera maganyu, adasungidwa pabwalopo podikira zotsatira za kuyezedwa. Adadandaula za chakudya ndi zimbudzi, kenaka adathawa n'kubalalikira m'makwawo. Tidawadzudzula kuti ndi osamva. Koma ndani wa ife akadakhala?

Komabe ndikadakhala wokondera ndikadadzudzula boma lokha. Ambiri adalandira chiletso cha khoti ndi nthungululu ngati kuti jaji waletsa kachilombo komwe. Popeza chisankho cha pulezidenti cha pa 23 Juni chidali pafupi, m'bindikiro udasanduka nkhani ya zipani. Mbali zonse zidachititsa misonkhano ya chinamtindi cha anthu, ndipo mphekesera idafala yakuti nthendayi ndi ya azungu kapena ndi bodza lodyera ndalama. Mu Januwale 2021 choonadi chidatipeza tili chigonere. Tsiku limodzi lokha, pa 12 Januwale, tidataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama. Mpweya wothandizira kupuma udasowa m'zipatala, sukulu zidatsekedwanso, ndipo boma la Pulezidenti Lazarus Chakwera lidaletsa kuyenda usiku. Pomwe mliri unkatha, Amalawi oposa 2,600 adali atapita. Mavenda sadalakwe ponena za njala, koma njala yawoyo siidasandutse nthendayi kukhala nthano. Ndipo kafukufuku wa mu Epulo 2021 ataonetsa kuti zina mwa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwu zidathera m'maalawansi ndi m'kugula katundu mosatsata njira, okayika aja adapeza poimira. Wodya phala la wobindikira amapha chikhulupiriro cha mudzi wonse.

Fuwa lachitatu ndi limene tonse tidaliiwala, aboma ndi otsutsa omwe. Mkangano wathu udali wa nthenda ndi njala, ngati kuti munthu ali ndi mapapo ndi mimba basi. Chikhalirecho, ngakhale m'bindikiro waukulu udalephereka, timim'bindikiro ting'onoting'ono tidachitika. Ana adakhala pakhomo kuyambira Malichi mpaka Sepitembala, ena mpaka Okutobala, ndipo boma lidapeza kuti pa miyezi imeneyo atsikana oposa 40,000 adatenga pathupi, pomwe ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja. Aphunzitsi a m'sukulu zoyima pazokha adakhala miyezi osalandira kanthu. Ogwira ntchito m'mahotela ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja adabwezedwa kumudzi.

Chopweteka koposa chidali maliro. Kwathu kuno chisoni sachisenza munthu mmodzi. Timagona pasiwa, timayimba usiku wonse, amayi amaphika, adzukulu amakumba, ndipo namfedwa amalira atatsamira paphewa la mnzake. Mwambo umenewu ndi mankhwala a mtima amene makolo adatisiyira. Mliri udauchotsa pa nthawi imene tinkaufunitsitsa. Womwalira ndi nthendayi ankaikidwa mwachangu ndi anthu ovala zodzitetezera, abale ataimirira patali, osaona nkhope. Kuteteza amoyo kudali koyenera, koma palibe adafunsa kuti misozi yosaliridwayo ipita kuti.

Apolisi adalengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 adadzipha, poyerekeza ndi 116 m'miyezi yomweyo ya 2019, ndipo ambiri mwa iwo adali amuna. Si onse amene adachita izi chifukwa cha mliri, koma ulova ndi ngongole zidatchulidwa pakati pa zifukwa zake. Apa chiyankhulo chathu chili ndi mlandu. Timati mwamuna salira. Timati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Nanga kabudulayo akaletsedwa kuyenda, adzathera kuti? Komanso tikangomva za matenda a m'maganizo timathamangira ku mawu oti misala, n'kumaganiza za chipatala cha ku Zomba. Bambo amene sakugona tulo chifukwa cha lendi si wamisala, ndipo sangavomere dzina limenelo. Amangokhala chete. Kuonjezera apo, m'chaka chimenecho malamulo athu ankati kuyesa kudzipha ndi mlandu, kotero wopulumuka ankaopa selo m'malo moyembekezera phungu.

Mauthenga a mliri amene adadzaza mawailesi, kaya a nyimbo, a ndakatulo kapena a zisudzo, adagwira ntchito yotamandika potiphunzitsa kusamba m'manja, kuvala zotchinga pakamwa ndi kukhala motalikirana. Koma ambiri adangobwereza malangizo a unduna wa zaumoyo mowaika m'mavume. Ntchito ya mlembi imaposa pamenepo. Dotolo amaona mapapo, katswiri wa zachuma amaona thumba, koma mlembi amayenera kuona munthu yense, kumupatsa mawu otchulira chimene chikumudya mumtima popanda kumuchititsa manyazi. Ndifenso alembi amene tikadayenera kukumbutsa akuluakulu kuti mawu amene adabwereka ku mwambo ali ndi ngongole yake.

Miliri siinathe. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 ndipo adachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Tsiku lina nduna ina idzaimanso pamaso pathu n'kutchula m'bindikiro. Tisadzathamangire kuwomba m'manja kapena kutola miyala. Tidzafunse mafunso amene gogo aliyense wa kumudzi amawadziwa: tikubindikira chifukwa chiyani ndipo mpaka liti, phala abweretsa ndani, nanga wotichezetsa ndani? Boma limene lingayankhe onse atatu tidzalimvera popanda chikwapu cha wapolisi. Limene lingayankhe limodzi lokha lisadzawutche m'bindikiro, chifukwa kutsekera munthu wopanda chakudya ndi wopanda mnzake kuli ndi dzina lake lina m'Chichewa. Timati ndende.