Sitima ndi Mzinga: Mawu Aŵiri Osenzetsedwa Katundu Wambiri

Olemba nkhani ndi omasulira athu akamakamba za nkhondo ya pamadzi amadalira mawu aŵiri okha, "sitima yankhondo" ndi "mzinga". Mawuŵa ndi Chicheŵa chabwino ndithu, koma tawasenzetsa katundu woposa msinkhu wawo.

Liwu lakuti sitima tidabwereka ku Chingerezi, ku liwu lakuti steamer, ndipo poyamba linkanena za chombo cha pamadzi. Lero mwana wa kwa Dambe ku Neno akalimva amaganiza za sitima ya pamtunda, ija imadutsa m'boma lake itasenza malasha a ku Moatize. N'chifukwa chake timawonjezera "ya pamadzi", kenaka "yankhondo". Dzina latalika, komabe mtundu wa chombocho sitinautchule.

Taonani zombo ziŵiri izi. Pa 13 Ogasiti 1914, Gwendolen ya Angerezi idaombera Hermann von Wissmann ya Ajeremani ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli, pa Nyanja ya Malaŵi. Idali ndi mfuti yaikulu imene munthu ankalozetsa ndi maso. Apo liwu lakuti mzinga likukhala bwino. Tsono mu 2006 ndi 2007 dziko la South Africa lidayamba kugwiritsa ntchito zombo zinayi zopangidwa ku Germany: Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi, chilichonse chotalika mamita 121. Mu 2011 Mendi idatumizidwa kukalondera nyanja ya kufupi ndi Pemba, ku Mozambique, poopa achifwamba a pamadzi. Zombozi zili ndi rada yoona ndege ikadali kutali, ndiponso chida chotchedwa Umkhonto, cha kampani ya Denel. Chidachi chimatuluka choimirira m'mimba mwa chombo, n'kukhota chili m'mlengalenga, n'kulondola kutentha kwa ndegeyo mpaka kuipeza. Tikachitcha mzinga, woŵerenga aona m'maganizo mfuti ya pa Gwendolen, ndipo sadziŵa kuti chida ichi chimasaka chokha.

Pa dzina la chombo, ife tikuti tibwereke basi: firigeti, mafirigeti, monga tidachitira ndi sitimayo. Ena adzati kubwereka ndi ulesi. Koma kodi "sitima ya pamadzi yankhondo yoteteza ku ndege" ingakwane pamutu wa nkhani? Chofunika n'chakuti liwulo limvere malamulo a kalembedwe, phatikizo lililonse lithere ndi lembo la liwu, ndipo tigwirizane zakuti firigeti "yafika", osati "wafika".

Pa chida chija sipafunika kubwereka. Umkhonto wa Chizulu ndi mkondo wathu womwewu, ndipo mkondo ndi chinthu choponyedwa, pamene mzinga, pa tanthauzo lake loyamba la nkhondo, ndi chinthu choponyera. Anzathu a ku South Africa adakuona kusiyanaku. Vuto lake n'lakuti mkondo suuluka wokha, choncho tikupempha akonzi ayese "mkondo wolondola", aphunzitsi nawo akauyese m'kalasi ndi kutilembera zimene ana amvapo.