Nyumba Zimene Tidamangira Otilamulira

Ndalama ya pepala ya K200 imayenda m'manja ambiri kuno kwa Maganga. Pa doko la ku Senga Bay imanyoŵa ndi madzi a m'bwato, imanunkha usipa, kenaka mai wina amaimanga pa mfundo ya chitenje. Kumaso kwake kuli Mai Rose Chibambo, kumbuyo kwake kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Ambiri mwa ife nyumbayo tidangoiona pa ndalamapo, ngakhale kuti ili pa mtunda wongopitirira pang'ono makilomita 100. Komabe ndi yathu, pakuti msonkho umene timapereka amaugamula m'menemo. Tsono tiyeni tiiyendere monga momwe mwini amayendera nyumba imene mmisiri wammangira, kuyamika pamene pali poongoka ndi kuloza pamene pali popindika.

Nkhani yake imayambira ku Zomba, kumene atsamunda adakhazika boma lao mu 1891. Bungwe lopanga malamulo adalikhazikitsa mu 1907, koma kufikira 1949 munalibe Mwafrika ndi mmodzi yemwe. Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba, yomangidwa mu 1957, njaing'ono ndi yosadzitukumula poiyerekeza ndi ya lero. Kuchepa kumeneku sikoipa ai. Angerezi eni ake, pomanganso nyumba yao ya ku London imene bomba lidaigumula mu 1941, adaikamo dala mipando yosakwanira aphungu onse, kuti pa tsiku la nkhani yaikulu anthu apanikizane ndi kupenyana m'maso. M'chipinda chaching'ono munthu sabisala pamene akunama.

M'nyumba ya ku Zombayo, pa 8 ndi 9 September 1964, patangopita miyezi iŵiri chilandirire ufulu, mudamveka mkangano wa Dr. Banda ndi nduna zake monga Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa. Mai Chibambo adachotsedwa pa udindo masiku omwewo, nathaŵira ku Zambia, kumene adakhala zaka 30. Nkhope imene ili pa K200 ndi ya phungu wopirikitsidwa. Pambuyo pake makoma adakhalabe omwewo, koma ntchito ya m'katimo idasintha: mu 1966 chipani chidatsala chimodzi, mu 1971 mtsogoleri adakhala wamuyaya, ndipo nyumba ya mtsutso idasanduka nyumba ya kuomba m'manja.

Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu adatsala ku Zomba mpaka 1994. Pa zaka zimenezo chuma cha zomangamanga chidapita ku nyumba za mtsogoleri. Sanjika idakhala pamwamba pa phiri ku Blantyre, kuyang'ana mzinda wonse uli kunsi kwake. Ku Lilongwe kudamangidwa chinyumba cha zipinda 300, chimene lero chikutchedwa Kamuzu Palace. Chidadya ndalama pafupifupi madola 100 miliyoni, ndipo mwini wake adagonamo masiku 90 okha. Bakili Muluzi adachipereka kwa aphungu. Mu 2004 Bingu wa Mutharika adati nyumbayo ndi ya pulezidenti, naloŵamo. Kotero opanga malamulo a dziko lino adakhala zaka zambiri ngati mkamwini pa mudzi wa eni, wolima munda umene maŵa angamlande. Chodabwitsa nchakuti m'nyumba yobwerekayo ndimo aphungu adachita chimodzi mwa zinthu zao zolemekezeka: mu July 2002 lamulo lofuna kuchotsa malire a nthaŵi yolamulira pulezidenti lidagwa, litapereŵera mavoti atatu okha.

Nyumba ya lero idatsekulidwa mu 2010. Adaimanga ndi Matchaina, pa mtengo wa madola pafupifupi 41 miliyoni, dziko lathu litaleka ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007. Choyamba tiyamike. Lamulo tsopano lili ndi khomo lakelake, losabwereka kwa pulezidenti, ndipo ichi sichinthu chochepa. Denga lake lobulungira limaoneka patali, ndipo kwa ife amene tidakulira m'midzi lingatikumbutse denga la nyumba yozungulira, lija amalipangira pansi kenaka amuna a mudzi wonse nkulinyamula. Mutu umodzi susenza denga. Kaya amisiri aja adaganizako zimenezi kaya ai, tanthauzolo nloyenera nyumba ya aphungu.

Koma tikachotsa mbendera, nchiyani kunja kwa nyumbayo chimene chingauze mlendo kuti ali m'Malaŵi? Anansi athu a ku Zambia, potsekula nyumba yao ya malamulo pa Manda Hill mu 1967, adaiveka mkuwa, chuma cha m'nthaka yao, kotero kuti mwana wa wogwira ntchito mu mgodi akaiona amadziŵa kuti thukuta la atate ake lili pamenepo. Ife tili ndi nyanja, tili ndi njerwa zofiira za dothi lathu, tili ndi osema mitengo a ku Mua ndi a m'mbali mwa mseu wa ku Senga Bay, amene ntchito zao alendo amapita nazo kutsidya kwa nyanja zamchere. Nyumba yathu ikadatha kuimikidwa m'likulu la dziko lina lililonse popanda kusintha mwala. Sitikudzudzula opereka mphatso. Amene adalandira ndiwo adayenera kunena kuti tikufuna zakutizakuti.

Ndipo tinali nacho chitsanzo chathuchathu, ndiye bwalo la mfumu. Bwalo lilibe chitseko. Pali mtengo wa mthunzi, anthu amakhala mozungulira, wodutsa ndi njinga amaima namvetsera, mai wobereka mwana amalankhula m'Chiyao kapena m'Chicheŵa ndipo onse amamva. Sitikunena kuti pabwalo sipachitika zokhota. Tonse tikudziŵa amasiye amene adaluza munda chifukwa wina adapita kwa nduna usiku ndi nkhuku. Koma chokhotacho chimachitika anthu akuona, ndipo madzulo mudzi wonse umachikamba. Nyumba ya ku Lilongwe ili m'kati mwa mpanda, m'dera la maofesi, kutali ndi Kawale, Mchesi ndi msika waukulu. Ichi ncholoŵa cha mapulani a mzindawo, amene adayamba ndi ngongole ya ku South Africa mu 1968, nalekanitsa malo a boma ndi malo okhala anthu wamba. Anthu akayenda ulendo wa madandaulo, kalata yao imalandiridwa pa chipata. Palinso mpanda wina wosaoneka: Malamulo Aakulu a dziko amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuŵerenga Chingerezi, ndipo zokambirana zimachitika m'chinenero chimenecho. Msodzi amene akumvera pa wailesi nkhani ya mtengo wa mafuta a injini yake amadikira kuti wina ammasulire.

Pafupi pomwepo pali manda a Dr. Banda, amene adamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997. Chiliza chake chidatsekulidwa mu May 2006. Mwa zomanga zonse tatchulazi, ichi ndicho chimanena momveka bwino zimene chikufuna kunena. Miyala yake njosalala, malo ake ngabata, ndipo nsanamira zake zinai zikuimira mau anai amene akuluakulu athu adaŵaloŵeza pamtima: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Munthuyo adasiya ntchito zooneka, ndipo ife a ku Salima sitingaiŵale njanji imene idatilumikiza ndi Lilongwe mu 1979. Kumuika m'manda aulemu nkoyenera.

Komatu taŵerenganinso mau anaiwo. Onse ndi udindo wa olamulidwa. Palibe ndi limodzi lomwe limene likumanga wolamulira: palibe chilungamo, palibe chifundo, palibe kumvetsera. Denga lokhala pa nsanamira zotere limalemera mbali imodzi. Ndipo chilizacho chaima pa khomo penipeni pa nyumba imene ntchito yake ndi kufunsa mtsogoleri mafunso, osati kungomumvera.

Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Mitembo yao idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti adachita kuphedwa ndi apolisi. Dr. Banda adazengedwa mlandu, ndipo mu December 1995 khoti silidampeze wolakwa. Anthu anaiwo anali a m'nyumba ya malamulo, ndipo ulendo wao womaliza udayambira pa khomo pake. Chipilala choŵakumbukira chili ku Thambani komweko, kufupi ndi malire a Mozambique, kutali ndi mseu umene ana athu a sukulu amadzera akapita kukaona likulu.