Katuni wa Rhodes ndi waya womwe unadutsa kwathu

Mdzukulu wathu wa ku Misesa anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala lomwe aphunzitsi a mbiri yakale anawagawira. Papepalapo panali chimunthu chachitali chitatangadza pamwamba pa Africa, phazi lina ku Cape, lina ku Egypt, mfuti ili kumsana, manja atatambasula waya. Mwanayo ankaseka. Ife tinaliyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe iye ankafunira.

Chojambulachi ndi cha Edward Linley Sambourne, ndipo chinatuluka m'magazini ya nthabwala ya Punch ku London pa 10 Disembala 1892. Munthuyo ndi Cecil Rhodes. Luso lake sitingalikane. Sambourne anapinda dziko lonse kukhala mphasa yopondapo munthu mmodzi, ndipo ngakhale wosadziwa kuwerenga amamva uthenga nthawi yomweyo. Koma tayang'anani pansi pa miyendoyo. Simuona mudzi, msika, ngalawa kapena msikiti. Wojambula anasesa anthu onse kuti nsapato zipeze poponda.

Chomwe mdzukulu wathu sankadziwa n'chakuti waya uli m'manjamo si nthano. Ndi waya wa telegalafu womwe kampani ya Rhodes inakoka m'zaka za m'ma 1890 kudutsa Blantyre, Fort Johnston (Mangochi wa lero), Nkhotakota mpaka Karonga. Unayenda m'mphepete mwa nyanja yathu, ndipo zitsulo zake zinasenzedwa pamitu ya atengatenga. Kampani ina ya Rhodes yomweyo inkapereka mapaundi 10,000 pachaka ku boma la Harry Johnston, lomwe linabweretsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India kudzamenyana ndi Makanjira, Mponda ndi Jalasi. Mu Disembala 1891, chaka chimodzi katuniyu asanatuluke, Captain Cecil Maguire anaphedwa pankhondo yolimbana ndi anthu a Makanjira. Malo omwe Punch inajambula ngati opanda kanthu anali ndi eni ake, ndipo eniwo ankaomba mfuti. Tisadzinamize: ena mwa mafumuwa ankagulitsa akapolo, ndipo tchimo limenelo silifufutika chifukwa chakuti wowagonjetsa nayenso anali wolanda. Komabe katuniyu sakuwaweruza n'komwe. Akungowachotsa.

Waya ndi njanji za ku Cape mpaka Cairo zinali ndi wopikisana naye: Afalansa, omwe ankafuna mzere wawo kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Mizere iwiriyi inakumana ku Fashoda, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, komwe lero ndi Kodok ku South Sudan. Jean-Baptiste Marchand anafika kumeneko mu Julayi 1898 ndi kagulu kochepa, ambiri mwa iwo asilikali a ku Senegal. Kitchener anamupeza mu Seputembala. Sanaomberane, nkhondo inachitikira m'manyuzipepala. Mu Novembala chaka chomwecho, Le Petit Journal ya ku Paris inajambula France ngati kamtsikana kovala zofiira ka m'nthano za ana a ku Ulaya, katanyamula mkate wolembedwa kuti Fachoda, pamene England ndi chilombo chogona pabedi chikudikira kulanda.

Chojambula chimenechi n'chochenjera kuposa cha Sambourne, ndipo mwina n'chifukwa chake chimatipweteka kwambiri. Chimatipempha kumvera chisoni kamtsikanako. Nanga mkatewo anauphika ndani? Fashoda linali dziko la anthu achi Shilluk. Wolanda mmodzi akudandaula kuti mnzake wamulanda, ndipo dziko la eni lasanduka chakudya chonyamula m'manja.

Palinso china chomwe kuseka kwa ku Paris kunaphimba. Masabata awiri okha Kitchener asanafike ku Fashoda, pa 2 Seputembala 1898, ankhondo ake anapha Asilamu a ku Sudan oposa 10,000 ku Omdurman m'mawa umodzi, iwo atataya anthu osakwana 50. Pambuyo pake anagumula manda a Mahdi. Mkangano womwe sunakhetse magazi a Mzungu ndi umodzi womwe ndiwo unapeza nthabwala zokongola.

Sitikunena kuti aphunzitsi aleke kugawa mapepala otere. Ndi umboni wabwino, malinga mwana aphunzitsidwe kufunsa yemwe wasowa pachithunzi. Mdzukulu wathu tinam'patsa pensulo kuti aike dontho pomwe pali Makanjira, kwawo kwa agogo ake aakazi. Anafufuza pakati pa miyendo ya Rhodes, natifunsa kuti nyanja ili pati.