Kodi Ana Aonako Ciani ku Kulamba?

Anzanga, ambiri mufunsa ngati nkwabwino kupita ndi ana a Sande Sukulu ku Kulamba, ku Mkaika, pa Ciweru cothera ca Ogasiti. Ine ndikuti pitani nao. Mwambowu unayambanso mu 1984, ndipo palibe buku lingaphunzitse mwana monga kudzionera yekha mafumu a ku Malawi, ku Mozambique ndi athu a kuno ku Chadiza alikulamba kwa Gawa Undi.

Cobvuta ncakuti mwana wamfupi angoona misana ya akulu ndi fumbi. Zolankhula zitalika, dzuwa lilikuswa mtengo; pomwe Gule Wamkulu alowa, ena agona kale, ena alira ndi mantha. Lawirirani, tengani madzi, ndipo cokaniko mowa usanayambe kulankhula.